Wotchi wa Kumbuyo Kwanga

Anthu akamva kuti unapita ku koleji kukaphunzira kuvina amayamba ndi kuseka, kenako amakufunsa ngati mayeso ake mumalembera chiuno. Woyamba kundiseka anali bambo anga, munthu amene wakalambira pogulitsa matayala ndipo amaona ngati chinthu chosagubuduka n'chopanda ntchito. Tsiku lonyamuka anandikhazika pa tayala la lole kuseri kwa shopu yawo, n'kundiuza mawu amene sanawabwerezenso.

"Pita. Koma akakakubweza, mpando uli pa kauntalawo ndi wako, ndipo za kudumphadumphazi sindidzafuna kuzimvanso."

"Sakandibweza, ababa."

"Ine ndanena zanga."

Kubwezako kunalipodi. Chaka chachiwiri chikamatha kunkakhala mayeso osefa anthu ngati ufa. M'kalasi mwathu tinalimo khumi ndi asanu, koma malo a chaka chachitatu analipo asanu ndi atatu basi. Otsalawo ankapatsidwa kalata yowathokoza chifukwa cha khama lawo, n'kuwalozera geti. Ine zimenezo sizinkandisowetsa tulo. Ndinene mosapsatira, ndinali ndi thupi. Mwendo wanga unkakwera mpaka kukhutu osanjenjemera, ndikadumpha ndinkatera ngati mphaka, ndipo sitepe akaionetsa kamodzi inali yalowa basi.

Chipinda chathu chophunzirira chinali chachikulu, pansi pake pa matabwa, khoma limodzi lonse galasi lokhalokha, m'mbali muli chitsulo chogwirira pochita zolimbitsa miyendo. Munkanunkha thukuta ndi mafuta opaka minofu, fungo limene ngakhale utachapa bwanji silichoka m'zovala. Pakona panali piyano, ndipo oimba ake tinkangowatchula kuti a Zala, bambo achikulire amene ankaika nyuzipepala pamalo oika mapepala a nyimbo n'kumawerenga za mpira uku akuimba. Mphunzitsi wathu anali Madamu, mayi wowonda ngati mpini wa tsache, woyenda ndi kandodo kogogodera pansi. Ankati anavinapo pa masiteji akuluakulu kunja. Umboni wake unali chithunzi chimodzi chofwifwa mu ofesi mwawo, ndipo pachithunzipo ali kumapeto kwenikweni, theka la nkhope litaphimbidwa ndi chigongono cha munthu wina.

Kumeneko kunali lamulo la malo. Sabata yoyamba Madamu ankakuyang'ana, n'kukulozera ndi kandodo pamene uziima, ndipo pamenepo pankakhala pako mpaka zaka ziwiri zithe. Ine anandiika kutsogolo, pakati, pa thabwa lokhala ndi mfundo yakuda. Panalibe amene anadabwa. Kumanja kwanga kunali mwana wa bwana wina, wobwera ndi mabotolo atatu a madzi ngati akupita kukazimitsa moto, wovina ngati akuopa kuthyola zikhadabo. Kumanzere kunali mnyamata wamtali amene ankadzikonda pagalasi mpaka kuiwala kuti nyimbo yatha. Amenewo sankandivuta, ndinkangowamvera chisoni. Mtanda wanga unali kumbuyo.

Kumbuyo kwanga, masitepe awiri okha, anaikako kamtsikana kakafupi, kamiyendo ngati ya tebulo, kamutu koiwala. Madamu akaonetsa masitepe asanu ndi atatu, iko kankagwira atatu, enawo kankawatola kwa ine. Ndikakweza dzanja, pagalasi ndinkaona kadzanja kena kakukwera kumbuyo kwanga. Ndikatembenukira kumanzere, nako kumanzere. Tsiku lina ndinakanda mphuno dala, ndipo ndikulumbira, kadzanjako kanayamba kupita kumphuno. Koma kubera kokhako ndikanapirira. Chimene chinkandipsetsa mtima chinali pakamwa pake. Nyimbo ikangoyamba, kumbuyo kwanga kunkayamba kunong'ona.

"Wani, thu, firii, folo, faifi, sikisi, seveni, eyiti. Wani, thu..."

Mwapansipansi, moti Madamu sankamva, koma ine zonse zinkathera m'khutu mwanga. Tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi masana, ngati mpopi wodontha. Ndine ndinamupatsa dzina loti Wotchi, ndipo dzinalo linamukakamira moti ngakhale a Zala ankamuitana choncho. Mwiniwake ankangoseka, nazonso zinkandinyansa. Munthu ukamunyoza azikwiyako, uone kuti mwala wafika.

"Iwe Wotchi," ndinamufunsa tsiku lina tikuvula nsapato, "kodi kwanu munalibe sukulu ya mkaka yoti ukathere kuwerengako kumeneko?"

"Pepani asisi, ndinazolowera."

Ankanditchula asisi ngakhale tinkangosiyana miyezi. Ine sindinamupemphe ulemu umenewo, ndinkangofuna atseke pakamwa.

Chapakati pa chaka chachiwiri Wotchi anadwala chimfine n'kujomba masiku awiri. Ndinati lero ndipumako. Koma masiku awiri amenewo a Zala anaimba zosokonekera. Pena ankathamanga, pena ankakoka, moti kawiri konse ndinalowa mochedwa, kamodzi n'kuwombana ndi wa mabotolo uja. Madamu anagogoda kandodo pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kalasi itatha ndinapita pa piyano.

"A Zala, timu yanu yaluza kodi? Lero zala zanu zaledzera."

Anapinda nyuzipepala mwaulesi, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo a maso.

"Mwana wanga, nyimbo imeneyi ndaiimba zaka makumi awiri. Lero ndaiimba mmene ndinaimbira dzulo."

Ndinangoti kukalamba ndi matenda, n'kuchokapo. Wotchi atabwerera a Zala nawonso anachira, ndipo nkhaniyo ndinaiiwala.

Kutatsala sabata imodzi kuti tilembe, Madamu anatikumbutsa dongosolo la mayeso. Galasi lonse amaliphimba ndi makatani. Kutsogolo kumakhala tebulo la oyesa atatu. Palibe wowerengera poyambira monga ankachitira Madamu m'kalasi, piyano ikayamba uzidziwira wekha polowera. Ndipo mumalowa awiriawiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo kwake, monga mmene mumaimira masiku onse. Popeza tinali khumi ndi asanu, mmodzi ankayenera kulowa yekha, ndipo chaka chilichonse tsoka limenelo ankachitira maere chifukwa panalibe wolifuna.

Ndinatembenuka n'kupeza Wotchi akumwetulira ngati wapatsidwa mphatso. Pamenepo m'pamene zinandikwana. Zaka ziwiri ndakhala ndikumusenza pamsana, ndiye pa tsiku lalikulu adzakwerenso pa ine, akadutse ndi manja anga, uku akundilavulira manambala m'khosi pamaso pa oyesa? Masana omwewo ndinagogoda ku ofesi ya Madamu.

"Madamu, musavutike ndi maere. Ndilowa ndekha ineyo."

Anasiya kulemba. "Chifukwa?"

"Ndikufuna oyesa aone ine, asaone ine ndi chithunzithunzi changa. Komanso amandisokoneza ndi kunong'ona kwake."

"Amakusokoneza."

"Kwambiri, Madamu."

Anayang'ana chithunzi chawo chofwifwa chija, kenako ine. "Iwe umadziwa chimene uli nacho. Vuto lako n'lakuti sunafunsepo chimene ulibe. Waganiza bwino?"

"Ndaganiza, Madamu."

"Chabwino. Wotchi alowa ndi amene akanatsala yekha."

Ndinatuluka ndikuseka chamumtima. Chimene ndilibe! Munthu wa theka la nkhope pachithunzi akandiuze ine chimene ndilibe.

Nkhani ku koleji siigona. Mawa lake Wotchi anandipeza pa mpopi ndikutsuka botolo. Maso ake anali ofiira.

"Asisi, ndamva kuti mwapempha kulowa nokha."

"Wamva bwino."

"Ndakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Ndangotopa kukhala bolodi lako. Uyambe kuvina ndi mutu wako, ngati ulipo."

Anayamba kupotokola chingwe cha nsapato yake. Ndinkayembekeza kuti alira kapena andipempha. Koma anakweza maso n'kunena chinthu chimene chinandiseketsa mpaka kutsamwa.

"Si za ine ndekha ayi, asisi. Inuyo mukakhala bwinobwino?"

"Ine? Dandaula za maliro ako, mayi."

A Zala nawonso anafuna kuponyapo mawu. Tsiku lotsatira ndikudutsa pa piyano anandikodola.

"Tabwera. Ndikuimbira kanyimbo, iwe uziwomba m'manja pa wani paliponse. Kungosewera chabe."

"A Zala, zimenezo n'za ana a chaka choyamba."

"Galu wamkota sakandira pachabe, mwana wanga."

"Ndiye akande kwina," ndinatero, n'kunyamula chikwama changa.

Sabata yonseyo Wotchi anasanduka choseketsa cha kalasi. Nthawi ya chakudya chamasana, ife tikupita kukadya, iye ankatsala m'khonde ndi kope la masamu. Anajambulamo timabokosi, timivi, ndi tianthu ta timitengo tokweza manja, sitepe iliyonse ndi kachithunzi kake. Ankayang'ana m'kope, n'kuvina masitepe anayi, n'kulakwitsa, n'kubwerera. Amayi okolopa anachita kumuzolowera, ankangomuzungulira ndi mopu. Ine ndikamadutsa ndinkamufunsa ngati kopelo alowa nalo m'mayeso kapena alimangirira pamsana pa mnzakeyo. M'kalasi ankaimabe kumbuyo kwanga, akunong'onabe manambala ake, ndipo ine ndinkadzitonthoza kuti kwatsala masiku ochepa.

Tsiku la mayeso linafika. Ine ndinali womaliza, choncho ndinakhala pa benchi ya m'khonde ndikuona anzanga akulowa awiriawiri ngati opita kukabayitsa jakisoni. Wotchi anatuluka thukuta lili kamukamu. Anafuna kundiyankhula koma ine ndinayang'ana kumbali. Dzina langa litatchulidwa ndinaimirira, ndinakonza tsitsi, n'kulowa mutu uli m'mwamba.

Chipinda chija chinaoneka chachilendo. Pamene pankakhala galasi panali makatani otuwa kuyambira kudenga mpaka pansi. Oyesa atatu anali pa tebulo ndi mapepala awo, Madamu atakhala pambali kandodo kali pamiyendo. Pa piyano panalibe nyuzipepala. Ndinapeza thabwa langa la mfundo yakuda, ndinaponda, ndinakweza chibwano. Mtima unali m'malo.

A Zala anayamba kuimba.

Nyimboyo ndinkaidziwa, ndinali nditaimva miyezi itatu. Ndinadikira polowera. Ndinadikirabe. Ndipo pang'onopang'ono ndinazindikira kuti chimene ndikudikiracho sichili mu piyano. Khutu langa linali litatchera kumbuyo, masitepe awiri kuchokera pamsana panga, pamene panalibe munthu. Nyimbo inkangoyenda ngati madzi a mumpopi, yopanda poyambira, yopanda pogwira. Wani anali pati? Ndinamufunafuna m'mawu okwera, m'mawu otsika, osamupeza. Nditaona mmodzi wa oyesa akukweza maso kuchoka pa pepala, ndinangodziponya.

Thupi linachita zake, limenelo sindilinamizira. Mwendo unakwera mpaka kukhutu. Ndinazungulira katatu osagwedera. Koma ndinkamva ndekha kuti ndikutera pamene nyimbo ili m'mwamba, ndikudumpha pamene iyo yakhala pansi. Ndinaganiza kuti ndachedwa, ndiye ndinathamanga. A Zala, Mulungu awadalitse, anayesa kundithamangira. Nditamva kuti piyano yafulumira ndinaganiza kuti ndachedwa kwambiri, n'kuwonjezeranso liwiro. Tinathamangitsana choncho m'chipindamo ngati munthu ndi nkhuku yake, mpaka bambo aja anataya mtima n'kubwerera pa liwiro lawo.

Masitepe anandithera nyimbo ikadalipo. Ndinafika pa kaimidwe komalizira, bondo limodzi lopinda, dzanja lamanja m'mwamba, ndipo piyano inapitirira. Inapitirirabe. Ndinaima pamenepo dzanja lili m'mwamba ngati munthu woimitsa basi imene yadutsa kale. Panalibe galasi loti ndidzionere, koma nkhope za anthu anayi aja zinandikwanira. Mmodzi analemba mawu ochepa kwambiri. Madamu ankayang'ana kandodo kawo.

"Zikomo," anatero wapakati nyimbo itatha. Ndinagwada mwaulemu monga anatiphunzitsira, n'kutuluka.

Zotsatira anazimata pa bolodi patapita masiku atatu. Mayina asanu ndi atatu pamwamba, mzere wofiira, ena pansi. Wa mabotolo uja anali wachinayi, tangoganizani. Wodzikonda pagalasi anali wachisanu ndi chimodzi. Wachisanu ndi chitatu, pamwamba penipeni pa mzere wofiira, anali Wotchi. Wachisanu ndi chinayi, pansi penipeni pa mzerewo, ndinali ine. Kutisiyanitsa kwake kunali kamzere ka bolopeni basi.

Ndinapita kukachotsa katundu wanga mu lokala. Ndikupakira nsapato m'chikwama, ndinamva munthu waima kumbuyo kwanga. Sindinafunike kutembenuka, mtunda umenewo ndinkaudziwa.

"Wabwera kudzaseka? Seka msanga, ndili ndi ulendo."

"Ayi asisi."

"Nanga? Ukufuna ndikuthokoze kuti wandilanda malo ndi tianthu tako ta timitengo?"

Anakhala pa benchi, kope lija lili m'manja. "Asisi, ine kuwerenga sindikufuna. Nyimbo ndimaimva m'mimba, ngakhale ndili m'tulo ndingakuuzeni pamene pali wani. Sabata yoyamba ija ndinaona kuti mukulowa mochedwa, pena mofulumira. Ndiye popeza masitepe ndinkaonera kwa inu, mukasochera nanenso ndinkasochera. Tsiku lina ndinayesa kuwerenga mokweza pang'ono, ndipo munalowa bwinobwino. Basi ndinapitiriza."

"Ukunama."

"Ndinkaona ngati mukudziwa. Ndinkaona ngati ndi mmene tikuthandizirana, inu manja, ine manambala."

"Ndiye zaka ziwiri zonsezi osandiuza?"

"Ndikanayambira pati, asisi? Inu mumauzika?"

Ndinamuuza mawu amene sindingawabwereze pano. Ndinamuuza kuti ndi kambuzi kodzikweza, kuti wadutsa mwamwayi, kuti chaka chachitatu chikamulavula mwezi usanathe. Iye anangoimirira, n'kunena kuti muyende bwino asisi. Zinandiwawa kuposa akananditukwana.

Bambo anga sanandinyoze, ndipo bola akanatero. Nditafika pa shopu ndi chikwama changa anandiyang'ana, anayang'ana chikwamacho, kenako anatenga kansanza n'kupukuta fumbi pa mpando wa pa kauntala. Anausunthira kwa ine ndi phazi n'kubwerera kukathandiza kasitomala. Mpaka lero za kuvina sanazitchulepo. Ndinaphunzira masaizi a matayala sabata imodzi yokha, paja mutu wogwira zinthu ndili nawo. Aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti ku koleji kuja n'kwa ziphuphu ndi tsankho, kuti woimba piyano anali wokalamba, kuti kamtsikana kena kanandichitira nsanje. Ndinazinena kambirimbiri moti ndinatsala pang'ono kuzikhulupirira. Za Wotchi ndinatsimikiza kuti anapeka kuti andibaye pamtima. Munthu wowerenga zaka ziwiri anganene kuti sakufuna kuwerenga?

Chaka chitatha kunabwera envelopu pa shopu. Munali tikiti imodzi ya chionetsero cha omaliza maphunziro, Loweruka masana, ndi kapepala kong'ambidwa m'kope la masamu kolembedwa kuti, "Mubwere asisi." Ndinati ndipita, ndikaone mmene miyendo ya tebulo ikagwere pa siteji. Bambo ndinawauza kuti ndikupita kukaona mnzanga wodwala.

Ndinakhala mzere womalizira, pafupi ndi chitseko. Makatani atatseguka ndinamuona. Anali kutsogolo, pakati. Kutsogolo kwake kunalibe munthu woti aonereko, kunali ife basi. Miyendo inali yomwe ija, yaifupi, ndipo mwendo wake sunkafika ngakhale paphewa. Ndinayamba kuwerenga zolakwa zake mmene ndinkachitira kale. Koma a Zala atangogunda piyano, mtsikanayo analowa m'nyimbo ngati munthu wolowa m'nyumba mwake, ndipo asanu ndi awiri enawo ankatsatira iye.

Manja ake sindinawayang'ane, ngakhale mapazi. Ndinasuntha mpaka kumapeto kwa mpando, maso anga ali pakamwa pake, kudikira kuti milomo igwedere, ngakhale pang'ono pokha, kuti ndipeze ponena kuti mwaona, ndimanena ine. Gule woyamba anatha. Wachiwiri anatha. Wachitatu anali wautali, wa nyimbo yokhotakhota imene ine sindikanadziwa n'komwe pomwe yayambira.

Milomo yake inali yotseka kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Anthu ataimirira kuwomba m'manja, nanenso ndinaimirira. Kuwombako kunagwirizana, holo yonse pamodzi, phwa, phwa, phwa. Ndinayesa kulowamo. Mayi amene anali pafupi nane anatembenuka n'kundiyang'ana manja, chifukwa anga ankagwera pakati pa a anzanga. Ndinawapinda pachifuwa, n'kutuluka anthu asanayambe kudzaza pakhomo. Lolemba kunkabwera katundu watsopano wa matayala a lole, ndipo bambo ankafuna ndifike molawirira.